Dzinja Limene Achemwali Anaphunzira Kufatsa

Fungo la tiyi akamafota ku fakitale, mvula itangokata, ine mpaka lero ndikalimva ndimangoona makomboni a pa esiteti paja tinakulira ku Thyolo. Si fungo la tiyi wa m'kapu ayi. Limakhala ngati udzu wongotchetcha kumene wosakanikirana ndi nthochi yoyamba kupsa, ndipo limalowa m'zovala, m'tsitsi, mpaka m'mabulangete. Nyumba zathu zinali za mzere, banja lililonse chipinda chake, moti mnzako akatsokomola kuseri kwa khoma iwe umayankha kuti pepani. Ndinali ndi zaka mwina zisanu ndi zinayi, kaya khumi, nanga za masiku obadwa ankawerenga ndani? Ndimangodziwa kuti ufulu unali usanabwere.

Dzinja limenelo ndi limene achemwali anga, a Esinala, anapeza mwamuna. Iwowa ankathyola tiyi limodzi ndi amayi, koma chimene ankadziwika nacho pa esiteti ponse ndi kuseketsa anthu. Ankatha kuyenda ngati a kapitawo, mimba patsogolo, manja kumbuyo, mutu ukugwedezeka ngati wa nkhunda. Ankatsanzira Dona, mkazi wa Bwana, akuitana kagalu kake, mawu akutulukira m'mphuno. Azimayi ankalimbirana mzere woyandikana nawo, amati dengu limapepuka ukakhala pafupi ndi Esinala.

Mwamunayo anali mphunzitsi wa ku Bvumbwe, a Wiliyamu, munthu wa njinga yake ndi mawu ochepa. Iwo ankawakonda achemwali ndithu. Vuto linali alongo awo. Alongowo anakamva pamsika kuti mtsikana amene mlongo wawo akufuna ndi chitsiru cha pa esiteti, chokwinya nkhope pamaso pa amuna. Ankhoswe anabwera ndi mawu akuti mkazi wa aphunzitsi sakhala wotero, ndiye alongowo adzabwera okha pa chinkhoswe kudzaona, ndipo akakapeza kuti n'zoona, nkhani ithera pomwepo.

Amayi anaonda nayo nkhaniyi. Mukudziwa, kuthyola tiyi nthawi ya mvula si masewera. Umalowa m'munda m'mamawa mame ali m'chiuno, thumba la chiguduli kumutu, zala zong'ambikang'ambika, ndipo umauma madzulo ngati wauma. Amayi ankati, "Esinala, pakamwapo mwana wanga. Ukufuna udzakalambire m'tiyi ngati ine?" Achemwali ankayesa kukhala chete tsiku limodzi, lachiwiri kukamveka chikhakhali kumunda, amayi n'kudziwiratu kuti zalephereka.

Tsopano pakhomo loyandikana ndi lathu panali bambo Muhiwa, amene ankaphika kwa Bwana. Dona akataya magazini akale, iwo ankatola n'kutigawira, ife n'kumamata pakhoma ndi phala la chinangwa kuti dothi lisamatigwere m'maso. Mphemvu zinkalikonda phala limenelo, zinkadya mpaka galimoto ya pachithunzi kutsala matayala okha, koma imeneyo ndi nkhani ina. Tsiku lina m'magazini amenewo munapezeka masamba anayi a mzimayi mmodzi wachizungu. Pena pakamwa yasa, maso tong'o. Pena wagwera m'beseni miyendo m'mwamba. Pena ufa nkhope yonse, akulira ngati mwana amene amulanda bere.

Amayi anagwira pakamwa. "Kalanga ine, mwana wa eni ake! Uyu wafedwa, apo ayi mutu sukuyenda. Achibale ake analola bwanji kuti amujambule chonchi?" Anakana kuti timumate pakhoma, amati si bwino kuseka odwala. Azimayi a mzere wathu anabwera kudzamuona, wina n'kunena kuti ndi khunyu, wina kuti anamulodza mkazi mnzake. Tinamumvera chisoni sabata yathunthu.

Lamulungu masana titabwera ku tchalitchi, bambo Muhiwa anakhala pakhonde n'kuitanitsa masambawo. Chizungu ankachiwerenga pang'onopang'ono, chala chili pansi pa mawu, milomo ikuyenda. Kenako anaseka mpaka kutsokomola. Anati mayiyu sakudwala, ndi wa ku Amereka, ndipo ntchito yake ndi yoseketsa anthu. Akuti kumeneko kuli bokosi ngati wayilesi koma anthu ake amaoneka, limene lero mumati wayilesi yakanema lija, ndiye sabata iliyonse mayiyu amaonekamo, dziko lonse n'kusiya zochita kuti limuseke.

"Basi? Ntchito yake yomweyo?" anafunsa amayi. "Salima? Sathyola kanthu?"

Bambo Muhiwa anapitiriza kutilongosolera. Akuti mayiyu anakula movutika, mayi ake akusoka zovala za anthu. Atakula anapita mumzinda waukulu kuti azikachita masewero, koma kulikonse ankamubweza, amati nkhope yake si ya mkazi amene angamufunsire m'sewero, pakamwa pakula. Anakhala zaka akuperekera zakudya m'nyumba yodyera. Tsiku lina atapatsidwa kagawo kakang'ono, anaphunthwa mwangozi pamaso pa anthu, anthu n'kuseka. Iye m'malo mochita manyazi anadzuka n'kuphunthwanso dala. Kuyambira pamenepo basi, njira inatseguka.

Koma chimene chinawagwira achemwali chinali chithunzi chakumapeto. Mayi yemwe uja ali kunyumba kwake, wakhala pampando, mwana pamiyendo, nkhope ili phee ngati ya munthu wina. Bambo Muhiwa anati alemba kuti kwawo ndi munthu wofatsa, salankhulalankhula, uchitsiru uja amangovala popita kuntchito ngati mmene iwo amavalira yunifolomu yoyera ya kukhitchini. Achemwali anaika zithunzi ziwirizo pamodzi n'kuziyang'ana nthawi yaitali. Kenako anati, "Ohoo. Ndiye kuti zimavalidwa. Iyeyu amavala uchitsiru, ine ndizivala ulemu."

Anayamba kuphunzira kufatsa monga mmene ankaphunzirira kayendedwe ka a kapitawo. Ku tchalitchi ankakhala kumbuyo kwa akazi a abusa, kuwayang'anitsitsa mmene amagwadira, mmene amapendeketsera khosi, mmene amalandirira chinthu ndi manja awiri. Akaweruka kumunda ankakayeserera kuseri kwa kakhitchini kathu ka udzu, utsi ukuwalowa m'maso, akupereka moni kwa mtondo. Ine ndikaseka ankanditsina. "Iwe, usaseke. Ukaseka ndiye kuti sizinapse."

Chinkhoswe chinachitika mvula ili pafupi kutha, pabwalo la kutsogolo kwa mzere wathu, pansi padakali matope. Mwambo wake mukuudziwa: mtsikana amakhala pamphasa atawerama, osaseka, osayang'ana munthu, ngakhale anthu amuputeko chotani. Alongo a a Wiliyamu anabwera atatu, mipango yowala, n'kukhala moyang'anizana ndi achemwali ngati akugula mbuzi. Azimayi a pa esiteti anadzaza bwalo lonse, aliyense akudziwa chimene chikuyesedwa.

Achemwali anatuluka m'nyumba ngati akuopa kupweteka nthaka. Anagwada pang'onopang'ono, bondo limodzi, kenako linalo, khosi pendeke. Alamu aakulu atawafunsa ngati adzuka bwino, mawu anatuluka ngati a udzudzu. Mayi wina wa mzere wathu analuma nsonga ya chitenje.

Ndiye mwatsoka anatulukira a kapitawo, osaitanidwa, mimba patsogolo, manja kumbuyo, mutu ukugwedezeka ndendende mmene achemwali ankachitira. Anawapatsa mpando wa ndalema. Atangokhala, miyendo yakumbuyo inalowa m'matope, iwo n'kupita chagada pang'onopang'ono, chipewa chili m'manja, akunenabe kuti zikomo, zikomo. Bwalo lonse linatembenukira kwa achemwali. Iwo anangopuma pang'ono, n'kuweramitsa mutu kuposa poyamba, ngati zawamvetsa chisoni kwambiri. Pamenepo ndiye azimayi anathawira kuseri kwa nyumba mmodzimmodzi, ukumva kuguguda khoma uko. Ine ndinakhala pafupi ndi mphasa, ndipo ndinaona chala chachikulu cha kuphazi kwa achemwali chitasuzumira kunsi kwa nsalu, chikugwedezeka chokha ngati mutu wa a kapitawo.

Alamu aakulu aja anagwira amayi dzanja. "Anthu ndi abodza, mayi. Mwana wofatsa chonchi? Onse aseka, iye yekha ayi. Mwalera." Amayi anangoti zikomo, misozi ili m'maso, kaya ya chiyani.

Ukwati unachitika pambuyo pa kukolola, achemwali n'kupita ku Bvumbwe pa njinga ya aphunzitsi. M'tiyi sanalowemonso. Zala zawo zinapola, ana awo onse anapita kusukulu, ndipo a Wiliyamu sanawatukulirepo dzanja. Zaka zoyamba achemwali akabwera kudzationa ankatseka chitseko n'kutichitira alamu awo atatu aja, mmodzimmodzi, mpaka amayi kupempha madzi. Kenako ankachita tikawaumiriza. Kenako ankangomwetulira n'kuti, "Aa, zija ndinaiwala."

Tsiku la chinkhoswe lija ine ndinkadumphadumpha, ndikuti tawapusitsa a ku Bvumbwe, mawa achemwali avula nkhope ija n'kuipachika pa msomali ngati diresi ya Lamulungu. Sindinkadziwa kuti mkazi wa aphunzitsi saweruka. Pamaliro a achemwali, ine ndili kale ndi zidzukulu, anaimirira mkulu wa mpingo n'kunena kuti kudera konseko kunalibe mayi wofatsa ngati amenewa, mawu awo sanamvekepo pamwamba. Anthu onse anavomera, ndipo sankanama. Ine ndinayang'ana uku ndi uku kufuna wina wa pa esiteti woti tiyang'anane naye, koma onse anali atapita kale.