Tsiku Limene Ndinaliza Sayirini ku Ilford

Ntchito yanga yoyamba ku London ndinaipeza kutchalitchi, pamzere wa tiyi, mu 2004. Anti Nambewe, nesi wa kwathu amene anali siniya panyumba ina yosamalira okalamba ku Ilford, anandimva ndikuuza anzanga kuti ndinathamangitsapo basi wapansi kuchokera ku Croydon mpaka kukaipeza ku Peckham. Anangoti, “Iwe Yamikani, pakamwa pakopa pakusowa ntchito. Ubwere Lolemba.”

Zonyamula anthu pa hoisiti, makina okwezera ofooka, sanandipatse. Ine ndinali wa zosangalatsa: bingo, nyimbo, ndi bolodi. Bolodiyo inali yoyera, pakhoma la mu launji. Tikatha handova m'mawa, kulandira ntchito kwa ogwira usiku, ndinkaifufuta n'kulemba ndi maka yakuda, zilembo zikuluzikulu: tsiku, mwezi, chaka, nyengo kunja, chakudya cha masana. Agogo athu ambiri masiku ankawasokonekera m'mutu, ndiye bolodi inkawabweza pa lero. Pansi pake panali malo a zimene zinachitika padziko tsiku ngati lomwelo. Ndinkazisaka pa kompyuta ya mu ofesi, kusankha zinayi, n'kuwawerengera nthawi ya tiyi wa teni.

Lamulo la Anti linali limodzi: usanalembe za kale, werenga keya pulani, fayilo ya munthu aliyense yonena za moyo wake ndi zomwe zimamusokoneza. Mafayilowo anali onenepa, ena kuposa ine. Ndinkawatsegula pokhapokha Anti akamadutsa.

Ndipo ndinkakometsera. Mfumu ikafa, ine ndinkaipha kawiri. Sitima ikamira, ndinkamira nayo pa kapeti. Agogo ankaseka mpaka mano oikirira kugwedera.

Kenako pa 3 Seputembala. Tsiku limenelo ndi lodzaza, bwanawe. Mu 1666 moto waukulu unali pa tsiku lachiwiri ukunyeketsa London. Mu 1783 Angelezi anasaina kuvomera kuti Amereka wadziimira payekha. Mu 1967 dziko lonse la Sweden linadzuka n'kuyamba kuyendetsa galimoto mbali ina ya msewu. Imeneyo ndinaisewera ndi tirole ya tiyi, kuwombana ndi mpando dala. Yomaliza inali ya 1939: Britain inalengeza nkhondo pa wailesi, ndipo patangopita mphindi zochepa masayirini ochenjeza za mabomba analira mu London. Ndinatsina mphuno, kulankhula ngati wailesi yakale, kenako ndinaphimba pakamwa ndi manja n'kuliza sayirini. Ndinailiza bwino. Vuto linali limenelo.

Palibe anaseka. Mayi Doreen, agogo ochepa thupi amene anali atangochitidwa opaleshoni ya fupa la m'chiuno, anaimirira osagwira felemu yawo yoyendera. Anadzandira mpaka pachitseko, chikwama pachifuwa.

“Ali kuti Billy?” anatero. “Sanamumangirire kapepala ka dzina pa jekete. Sadziwa komutsitsa.”

Ndinadina belu. Anti anafika, kuona bolodi, kuona ine, n'kundinong'oneza m'Chichewa: “Tsamba lachiwiri la fayilo yawo. Sabata imeneyo mu 1939 anawakweza sitima ndi ana ena kuthawa mabomba, iwo ndi mlongo wawo Billy. Akagwa apa chiuno chija sichipolanso. Usawakoke, usawanamize. Wawaimiritsa ndiwe, uwakhazike.”

Kundiuza ine kuti usaname kunali ngati kundilanda miyendo. Mabodza anali kale pamzere: Billy waimba foni, Billy ali pa basi. Ndinawameza onse. Chomwe chinanditsalira ndi chimene timachita kwathu pamaso pa wamkulu. Ndinanjuta, manja pamodzi, kuti iwo aziyang'ana pansi kwa ine. Anti anali kumbuyo kwawo ndi mpando, manja ali chire pafupi ndi chiuno.

“Mayi Doreen, ine kunalibe. Tandiuzeni, sitimayo inali yotani?”

Miyendo yawo inkanjenjemera, ndinkaiona bwinobwino poti inali pamphuno panga. Ndiye anayamba. Kabokosi ka gasi masiki, chophimba kumaso choteteza ku mpweya wapoizoni, kolendewera m'khosi. Sangweji ya jamu. Billy kusanza pa nsapato za aphunzitsi. Mayi wa pafamu komwe anakafikira amene ankafuna kutenga mtsikana yekha, koma iwo anakana kusiya dzanja la Billy. Maondo anga anauma, ndipo pakamwa panga, koyamba chibadwire, panalibe chowonjezera.

Atapuma ndinafunsa, “Ndiye munabwerako?”



“Tinabwerako,” anatero pang'onopang'ono. “Amayi anatichingamira pa siteshoni. Billy anali atatalika, anamudutsa osamuzindikira.” Anaseka pang'ono, kenako anandiyang'anitsitsa. “Nanga iwe ukutani pansipo?”

Anakhala pampando paja okha.

Masana ndinalemba fomu ya zochitikazo. Anti anaiwerenga kawiri. “Lero walemba mmene zinthu zinachitikira,” anatero. “Usazolowere kudikira munthu agwe kaye.” Anandiunjikira mafayilo onse patebulo. Ndinawerenga, ndipo mwa anthu amene ndinkawaseketsa daily ndinapezamo amene anakwiririkapo m'nyumba yogumuka ndi bomba.

Kwa ine zaka zinayi zija zinali manambala ofanana pabolodi, 1666 ndi 1939 chimodzimodzi. Sindinkadziwa kuti chaka china chikhoza kukhala chisanathe mwa munthu amene wakhala patsogolo pako ndi kapu ya tiyi. Kuyambira pamenepo, fayilo kaye, maka pambuyo.

Kukometsera sindinasiye ayi. Basi ija masiku ano ndimati ndinaipitirira n'kukaidikira ku Ilford. Koma ya Mayi Doreen ndimainena mmene mwaimveramu, osawonjezerapo ngakhale jamu.