Masamba Opiringizika a Mapiritsi

Mwana wa mchemwali wanga timamutchula Mapiritsi. Amagwira ntchito m'sitolo ya mankhwala, kuseri kwa kauntala yagalasi, ndipo pamaso pake palibe munthu wabwinobwino. Ukamupatsa moni amayamba wakuyang'ana lilime. Ine ndinayetsemula kamodzi pa ukwati wake, mpaka lero akandiona amandigwira pamphumi. Ndiye sakhala pansi mwana ameneyu. Tiyi amamwa ali chiimire, foni amayankha akuyenda, ndipo mpando wa pabalaza pake ukadali watsopano chifukwa sunaonanepo ndi mwini wake.

Mayi ake atatisiya, nyumba yawo inagulitsidwa. Pakhomo pake panali chitsamba cha maluwa chofika pazenera, maluwa ake ofiira mkati, oyera m'mbali. Malemu ankachikonda kuposa ife abale awo. Chitsamba chinkamwa madzi m'mawa, ife alendo tikudikira. Mwini watsopano anachidula atangolandira makiyi kuti papezeke poimika galimoto. Mapiritsi anafika mochedwa, anapeza nthambi zili pamulu wa zinyalala. Anatola njere zimene zinatsalira m'timakoko touma n'kuzitsekera m'kabotolo ka mankhwala. Mapoto, makatani ndi mabulangete anasiyira ena. Iye cholowa chake chinali kabotoloko.

Amakhala m'nyumba yosanja, pamwamba penipeni, kumene dothi limafika pansi pa nsapato za alendo basi. Khonde lake ndi laling'ono moti mphaka akafuna kutembenuka amayamba walowa m'nyumba. Pamenepo anandandalika zitini za penti zoboola pansi, nafesa njere zonse, osasungako ngakhale imodzi. Zambiri sizinamere. Mwa mbande zochepa zimene zinatuluka, imodzi anabwera nayo kwa ine.

"Munali mlongo wawo, malume. Muisamale."

Ndinaiika pafupi ndi mpopi wa kuseri kwa nyumba, ndipo ine ndi mbandeyo tinagwirizana zosavutitsana.

Kwa Mapiritsi masamba oyamba anatuluka bwino. Otsatira ndiwo anayamba misala. Ena anapindikira m'mwamba ngati masipuni, ena anatuluka owonda ngati zingwe za nsapato, nsonga zitapotoka ngati mchira wa nkhumba. Foni yanga inalira ndili m'bafa.

"Malume, akupiringizika."

"Ndani, akamwini?"

"Masamba, malume! Musaseke."

Khondelo linasanduka chipatala. Anatenga galasi lokulitsa zinthu, limene amawerengera tizilembo ta pamabokosi a mankhwala, nayang'ana kunsi kwa tsamba lililonse kufuna nsabwe. Sanapeze ngakhale mwendo wa nsabwe. Anati madzi achuluka, anasiya kuthirira. Anati ludzu, anayamba kuthirira ndi jekeseni, dontho ndi dontho. Anati dzuwa, anasamutsira zitini kuchipinda. Anati mdima, anazibweza pakhonde. Zitini zimenezo zinayenda mtunda umene ine sindinayendepo chibadwire. Mbande yodwalitsitsa anaigoneka payokha kubafa kuti isapatsire anzake, ndipo akachoka pa chitini china kupita pa china ankasamba m'manja ndi sopo.

Kuntchito nako kunavuta. Munthu abwere ndi dzino likumuwawa, tsaya litatupa, iye n'kumuonetsa chithunzi pafoni: "Pepani bambo, kodi kwanu mumadzala maluwa?" Wina anati feteleza wachepa, wina anati wachuluka. Kenako mayi wina wogula mankhwala a chifuwa anayang'ana chithunzicho n'kupukusa mutu.

"Awa ndi matenda a m'kati, achemwali, ochokera m'njere momwemo. Alibe mankhwala. Zulani zonse muwotche."

Mawu amenewo anamulowa ngati minga. Kabotolo kanali kopanda kanthu, chitsamba cha mayi ake chinali pansi pa simenti. Akawotcha mbandezo ndiye kuti zatha.

Apa ndikuuzeni za mwamuna wake. Akamwini athu amatchetcha kapinga pabwalo la masewero la sukulu ina. Ndi munthu wofatsa, wosalankhula. Pa ukwati wawo tinachita kufunsana ngati anavomeradi kapena anangotsokomola. Chikondi chawo chimabwera m'thumba. Mbande zitangomera, yanga itachoka kale, anayamba kubwera ndi udzu wotchetcha pa njinga, n'kukwera nawo masitepe onse aja, n'kuphimbira dothi la m'zitini kuti lisaume. Masamba akamaipiraipira, iwo ankawonjezera udzu. Mkazi wawo akausa moyo, thumba lina. Pofika masiku otentha, khondelo linali ngati khola la mbuzi, ndipo anthu a pansi ankasesa udzu m'makutu mwa ana awo.

Mbande ya kubafa inauma. Loweruka lotsatira Mapiritsi anatulukira kwanga atavala magolovesi, machesi ali m'manja, maso ali psuu.

"Ndaganiza, malume. Ndiwotcha zonse. Ndiyambira yanuyi, poti njere zake ndi zomwezo. Ili kuti?"

"Ili bwino."

"Sindinafunse zimenezo. Ili kuti?"

Tinaisaka ngati mbuzi yosochera. Tinaipeza kuseri kwa beseni losweka, pamene mpopi umadontha. Inali itafika m'bondo, masamba ake otambasuka, obiriwira, onyezimira ngati awapaka mafuta. Mapiritsi anagwada. Anatembenuza tsamba limodzi, lina, linanso. Machesi anagwera m'madzi.

"Mwaipatsa chiyani?"

"Ufulu."

"Malume!"

"Ndithu mwana wanga. Sindiiyeza, sindiibaya jekeseni, sindiifunsa kuti yagona bwanji."

"Mumaithirira kangati?"

"Funsa mpopiwo, ndiwo namwino wake."

Sanaseke. Analankhula yekha, akuwerenga ndi zala za m'golovesi: njere ndi zomwezo, ndiye si matenda a m'njere. Dothi ndi lomwelo, anadzaza yekha zitini zonse tsiku limodzi. Chitini ndi cha penti yemweyo. Anapisa chala m'dothi, nachitulutsa, nachiyang'ana nthawi yaitali.

"Mulibe udzu," anatero.

Anachoka osatsazika, golovesi limodzi n'kutsala pampopi.

Koma Mapiritsi sakhulupirira chinthu chosayezedwa. Anatenga zitini ziwiri, nadzala nyemba, china n'kuchiphimbira ndi udzu wa akamwini, china n'kuchisiya pamtunda. Amati nyemba sizibisa, zikakhumudwa zimaonetsa msanga. Msangamsanga wa nyembawo unatsala pang'ono kutipha tonse. Ankandiimbira m'mawa kuti sizinamere, masana kuti sizinamerebe. Ndinamuuza kuti azisiye, nyemba zikamayang'aniridwa zimachita manyazi. Anadula foni.

Tsiku limene anandiitana ndinakwera masitepe aja mpaka ndinaona makolo anga. Zitini ziwiri zinali patebulo. Nyemba zopanda udzu zinali zitatambasula masamba ngati zikupempha moni. Za mu udzu zinali zitafumbata ngati nkhonya za khanda. Akamwini anali atangolowa, thumba latsopano lili paphewa.

"Abambo," anatero Mapiritsi, mawu ali pansipansi, "kapinga wa kuntchito kwanu uja, amamupopera kanthu?"

Akamwini anaganiza kaye, monga mwa chizolowezi chawo.

"Amabwera anthu ndi mapampu. Sukulu ikatsekera."

"Amapopera chiyani?"

"Opha zomera zina zija, za masamba aakulu. Kapinga samukhudza, amangopha…"

Anayang'ana nyemba, anayang'ana khonde, anayang'ana thumba limene linali paphewa lawo. Analitsitsa pang'onopang'ono ngati muli mazira, n'kukhalapo.

"Ndimati ndikuthandiza amayi," anatero.

Ine ndinali nditakonzeka kale kubisala kuseri kwa firiji, poti ndimamudziwa mwana wa mchemwali wanga akapsa mtima: mawu amatuluka ngati matalala padenga lamalata. Koma iye anangovula magolovesi, anakoka mpando watsopano uja, nakhala pansi pafupi ndi mwamuna wake. Mpandowo unalira ndi kudabwa. Anawachotsa kaudzu m'tsitsi.

"Masitepe onse aja," anatero. "Tsiku lililonse."

"Matumbawo sanali olemera."

"Mukunama."

Anakhala choncho mwina masekondi atatu. Kenako anadzambatuka: "Nanga tikudikira chiyani? Malume, gwirani beseni!"

Tinazula mbande zotsalazo mosamala, tinatsuka mizu yake m'madzi, tinaziwokera m'dothi latsopano ndi m'zitini zatsopano. Akamwini anatsitsa udzu wonse umene anakweza, thumba ndi thumba, osalola munthu kuwathandiza. Anakolopa khonde mpaka simenti inayamba kuwonda.

Masamba opiringizika sawongokanso, Mapiritsi anandiuza. Choyang'ana ndi kunsonga, kumene kumatuluka atsopano. Ndiye anayang'ana kunsonga. Anayang'ana mpaka nsongazo zinamudziwa nkhope. Mbande zina sizinapirire, zinauma. Inatsala imodzi, yopindika ngati nkhalamba, yosafa komanso yosakula.

Amene ndinavutika ndi ine. Mbande yanga inasanduka mfumukazi. Akamwini anabwera ndi waya n'kuizinga mpanda, ndipo ndinalandira malamulo: ndisaithirire, ndisaisunthe, ndisakonze mpopi wodonthawo, ndipo munthu wonyamula udzu asadutse pageti.

"Pitirizani ulesi wanu, malume. Ndi mankhwala okhawo amene agwira ntchito."

Zaka zonsezi mayi ake ankandinyoza chifukwa cha ulesi womwewo. Akanamva!

Dzulo foni inalira ndili m'bafa, monga mwa nthawi zonse.

"Malume, latuluka."

"Dzino?"

"Tsamba! Kansonga kaja. Ndi laling'ono ngati chikhadabo, koma ndi lotambasuka. Abambo aliona, akuti lili bwino."

"Alankhula?"

"Agwedeza mutu."

Ndinamuuza kuti yanga nayo yatulutsa kamphukira ka duwa kolimba pakati pa masamba, ndipo pakamwa pake pakuoneka pofiira. Ndinamva akupuma, kenako ndinamva makiyi akulira ndi chitseko chikumenyeka.

"Musakakhudze. Musakayang'anitsitse. Ndikubwera."

"Nanga kuntchito?"

"Adikire. Koma malume, tsamba langali likuoneka ngati lapendekera pang'ono kumanzere. Mukuganiza kuti ndi mphepo?"