Tsiku Limene Ndinabweza Mudzi wa a Sakala pa Lista

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza chifukwa cha impresora yamakani, makina osindikizira mapepala aja. Nditamaliza maphunziro a informatika, a zamakompyuta, ku Tete, ndinabwerera ku Fingoe ndi pepala lokongola, koma ntchito kunalibe. Ndinkakhala pa baraka, kashopu ka msuweni wanga pafupi ndi msika, kulembera anthu makalata a ku administrasau, maofesi a boma aja, ndi kuthira nyimbo m'mafoni a okumba golide. Tsiku lina kunafika mayi wamagalasi atapanira laputopu m'khwapa, akufuna kusindikiza mapepala. Laputopu yake ndi impresora yathu zinakana kudziwana. Ndinatsegula zenera lakuda lija timalitcha terminali, n'kulemba mizere itatu, mapepala n'kuyamba kutuluka.

"Zenera limeneli suliopa?" anandifunsa.

"Ine ndimaopa njala yokha, mayi."

Anaseka n'kutenga nambala yanga. Anali Dona Inasiya, shefi wa projekiti ina yogawa mbewu ya chimanga ndi nyemba kwa alimi. Iwo ankakhala ku Tete, ndipo ankafuna munthu ku Fingoe kuno.

Ntchitoyo inali yotere. Alembi athu ankayenda m'midzi ndi matabuleti, kulemba alimi: dzina, tsiku lobadwa, nambala ya bilyete (chiphaso cha unzika), kukula kwa munda, ndipo tabuleti yokha inkasunga malo amene munthu walembedwera. Zonsezo, pamodzi ndi zithunzi za minda zojambulidwa kumwamba, zinali zochuluka moti laputopu yanga ikanangotentha n'kufa. Zinkawerengedwa pa klasita, makina ambiri olumikizana amene ali kutali ku Maputo, ogawana ntchito ngati anthu ogawana mizere m'munda. Programu yake analemba ena. Ine yanga inali kutumiza ntchito. Ndinkalowa mu klasita ndi ssh, njira yolowera m'makina akutali, n'kulemba lamulo la submit: dzina la programu, foda yotengako zinthu, foda yoikamo zotsatira, makina angati agwire, memoriya yochuluka bwanji. Klasita inkandipatsa nambala ya ntchitoyo. Ndikalemba status ndi nambalayo, ndinkaona ngati ili pamzere, ikuyenda, yagwa kapena yatha. Ikagwa ndinkatsegula logi, kumene makina amalemba zonse zimene achita.

Ndisaname, ndinayamba matama. Mawu oti SUCCEEDED akangotuluka, kusonyeza kuti ntchito yatha bwino, ndinkayenda pamsika ngati amene ndinapanga magetsi. Logi ndinkaiwerenga pokhapokha zinthu zikagwa.

Kenako linafika Lachinayi lija la kumayambiriro kwa dzinja. Lista ya alimi a ku Malowera inali itatuluka dzulo lake, ndipo ndinali nditaimata kale pakhoma la ofesi yathu ku Fingoe. Ku Tete ankatseka malista onse madzulo omwewo pa ola la 16, kuti Lachisanu m'mawa kamiyau, lole ija, ipakire matumba a mbewu molingana ndi mayina. Ulendo wachiwiri panalibe, chifukwa mvula ikakhazikika msewu wa ku Malowera umasanduka phala. Wosalembedwa pa listayo mbewu sakanaiona chaka chimenecho.

Cha m'mawa analowa bambo wina wachikulire, fumbi mpaka m'nsidze. Anali a Sakala, mkulu wa mpingo wa mudzi wina kufupi ndi Malowera, amene anabwera ku Fingoe kudzagula mankhwala a ng'ombe. Anaima pakhoma paja nthawi yaitali, chala chikuyenda pa mayina.

"Lomba mwana wangu, mudzi wathu uli ndi makomo opitirira makumi anayi. Apa ndikuona asanu ndi awiri."

"Makina salakwitsa, bambo. Mwina enawo sanalembetse."

"Ndinawaitana ndine. Mlembi wanu anakhala pakhonde la tchalitchi tsiku lonse, ife n'kumabwera mmodzimmodzi. Mayi Tembo, amasiye aja, ndinachita kuwatenga panjinga. Mbewu yawo anadya yonse m'nyengo ya njala, ndipo akudikira yanuyi."

Mawu oti pakhonde la tchalitchi anandilasa. Ndinatsegula logi ya ntchito imene ndinkainyadira ija, ndipo chapakati ndinapeza mzere wonena za mayina amene programu inachotsa poganiza kuti ndi obwereza. Inkayang'ana zinthu zitatu: dzina la bambo, tsiku lobadwa ndi malo. Zikafanana, inkati ndi munthu mmodzi, n'kusiya woyamba yekha. Malo anali amodzi, pakhonde paja. Mudziwo ndi wa a Sakala, a Tembo ndi a Phiri okhaokha. Koma tsiku lobadwa lingafanane bwanji? Ndinawafunsa.

A Sakala anatulutsa bilyete lawo. "Ife tinabwerako ku Zambia nkhondo itatha, opanda pepala lililonse. Wolemba anatopa nafe. Tonse anatipatsa 1 Janeiro, akulu chaka chimodzi, ana chaka china. Kwathu timabadwa tsiku limodzi ngati anapiye."

Iwo anaseka, koma ine ndinachita manyazi kwambiri, chifukwa makolo anga omwe anabwerera kuchokera ku Malawi ndipo mabilyete awo ali ndi tsiku lomwelo. Ndinkazidziwa kuyambira ubwana, koma sindinaziganizire n'kamodzi komwe.

Ndinaimbira Dona Inasiya. Anamvetsera osandidula, kenako anati, "Programu usaikhudze, si yako. Ngati ungakonze pa lamulo lotumizira, konza. Ola la 16 likakwana nditumiza lista imene ilipo."

Ndinafufuza m'malangizo a programuyo mpaka ndinapeza kuti zinthu zoyang'ana zija munthu angazisinthe potumiza, ndi kachidutswa ka --conf. Ndinachotsa malo, n'kuika dzina loyamba ndi nambala ya bilyete, kuti obwereza enieni achokebe. Ndinatumiza. Ntchito inadikira pamzere pafupifupi ola lathunthu chifukwa maboma ena nawo ankathamangira tsiku lomwelo. Itangoyamba kuyenda, rede, netiweki ija, inathawa, ndipo ntchito inafera pomwepo. Ndinatumizanso, inafanso chimodzimodzi. Nthawi inali itadutsa ola la 14.

Vuto linali langa lomwe. Masiku onse ndinkatumiza m'njira imene laputopu yanga ndiyo imatsogolera makina a ku Maputo, choncho rede ikaduka onse amangosiya makasu. Pali njira ina, --deploy-mode cluster, imene utsogoleriwo umaupereka kwa makina omwewo. Ndinali ndisanaiyesepo chifukwa ndinkakonda kuonerera mizere ikuthamanga pa zenera langa.

Ndinabwereka mota, njinga yamoto ya msuweni wanga. A Sakala anakana kutsala, anakwera kumbuyo atakumbatira laputopu. Tinakwera kachitunda kena kunja kwa tauni kumene rede imagwirako bwino. Ndinakhala pamwala, iwo atanyamula foni yanga m'mwamba kuti ipereke intaneti, ndipo ndinalemba lamulo lonse pang'onopang'ono, n'kuliwerenga kawiri ndisanadinde. Nambala ya ntchito inabwera. Patangopita mphindi zochepa rede inathawanso.

"Yafanso?" anafunsa a Sakala.

"Ulendo uno ikuyenda yokha, bambo. Tsitsani mkono mupume."

Sindinali wotsimikiza ngati mmene ndinayankhulira. Rede itabwerera ndinalemba status, ndipo ntchito inali ikuyendabe. Chakumadzulo, kutatsala mphindi makumi awiri kuti ola la 16 likwane, SUCCEEDED anatuluka. Sindinamukhulupirire. Ndinatsegula fayilo ya zotsatira, n'kutembenuzira laputopu kwa a Sakala kuti awerenge okha.

Anawerenga mokweza, khomo ndi khomo, monga amachitira poitana mayina kutchalitchi. Penapake ankaima n'kunena kuti uyu ndi wa kutsidya kwa mtsinje, uyu ndi mpongozi wa uje. Atafika pa Tembo Ezinala, mayi amasiye aja, anapukuta m'maso ndi chipewa.

"Onse alipo. Tumiza, mwana wangu."

Ndinatumiza, ndipo Dona Inasiya anaimba nthawi yomweyo. "Yafika. Mawa ubwereze lista ya Chipera ndi ya Fingoe ndi lamulo lomweli, zimenezo ndizidikira, ndipo undilembere lamulolo kuti ndiwapatse a maboma ena." Chimwemwe chimene ndinamva pamwala paja sindinachimvenso pa ntchito ina iliyonse. Potsika ndinaimba nyimbo njira yonse, a Sakala akundiuza kuti ndiyang'ane msewu.

Kamiyau inafika ku Malowera mvula isanatseke njira, ndipo Mayi Tembo anadzala pamodzi ndi anzawo. Lero ndimatumiza ntchito zazikulu kuposa ija, koma zimene ndinaphunzira tsiku limenelo sindinazisiye. Makina akati atha, amangonena kuti afika kumapeto, osati kuti achita zoona. Logi ndimaiwerenga ngakhale zonse zioneke bwino, ndipo lista ya anthu siichoka m'manja mwanga mpaka wina wowadziwa pamaso ataiwerenga n'kundiuza kuti onse alipo.