Mabotolo Awiri a Achidindo

Malume anga anagwira ntchito yoyeza nyama kophera ng'ombe zaka makumi atatu. Anthu ankangowatchula kuti Achidindo, chifukwa nyama yopanda chidindo chawo sinkatuluka pageti. Anali munthu woongoka koma wamakani; akati ichi n'chakuda, ngakhale mkaka unkada.

Chiwindi ankachidziwa kuposa nkhope za ana awo. Ankachicheka n'kufinya mitsempha mpaka nyongolotsi zophwatalala zitatuluka. Pazenera la kaofesi kawo ankasungapo mabotolo awiri a nyongolotsizo. "Zazitali zoonda izi n'za ng'ombe za kuchigwa," ankatero, "zazifupi zonga tsamba n'za kumapiri. Mitundu iwiri, sisakanikirana."

Chaka china bambo wina wa kumapiri anabweretsa ng'ombe yoti aphe. Itasendedwa kale, kunatulukira mlimi wa kuchigwa n'kunena kuti ndi yake imene inabedwa. Chikopa chinalibe chizindikiro, ndiye kubwalo la milandu anaitana malume. Iwo anati m'chiwindimo munali zazitali zokhazokha, choncho ng'ombeyo inakulira kuchigwa. Bamboyo analowa ndende zaka zitatu. Malume sanadzikayikirepo, ndipo ifenso tinkawanyadira.

Atatsala pang'ono kupuma pantchito, kunabwera mayi wina wofufuza matenda a ziweto. Anatengako nyongolotsi m'mabotolo onse awiri kukaziyeza chibadwa, nabwerera patatha miyezi inayi.

"Bambo, mitundu iwiriyi imaberekana," anatero mayiyo. "Zambiri mwa zanuzi n'zosakanizika. Maso okha sangakuuzeni. Zazitalizi tazipeza mpaka m'ng'ombe zobadwira kumapiri."

"Kuyambira liti?" anafunsa malume.

"Kalekale. Mwina inu musanayambe n'komwe ntchito."

Tsiku limenelo malume anabwera kunyumba osavula jombo, n'kukhala pakhonde mpaka chakudya kuzizira. Ndinawamvera chisoni, komanso anandikwiyitsa, poti zaka zonsezo palibe amene ankaloledwa kuwatsutsa. Ndinawauza kuti madzi akatayika saoleka, angoisiya nkhaniyo. Anakana. Anati akapepese kwa bambo wa kumapiri uja amene analowa ndende, ndipo ndiwaperekeze.

Bamboyo tinamupeza pamsika akukonza njinga, imvi zili mbuu. Malume anavula chipewa n'kufotokoza zonse mosabisa: za mabotolo, za mayi wofufuza, za umboni wawo. Bamboyo anamvetsera kwinaku akumata chubu, ndipo atamaliza anapukuta manja pang'onopang'ono.

"Achikulire, ine ndinkadziwa kale kuti ng'ombeyo inali yanga, ndinaiona ikubadwa," anatero. "Amene ankafunika kumva zimenezi ndi mayi anga, ndiwo anakukhulupirirani. Tinawaika chaka chatha."