Timiyala ta M'chitini cha Amalume

Amalume anali ndi chitini cha tiyi chodzaza timiyala. Utoto wake unali utafufutika, chivindikiro chili chopindika, ndipo ukachinyamula chinkalira ngati maseche. Chinkakhala kunsi kwa bedi, pambali pa chikopa cha mbuzi chomwe ankagwadirapo. Pachikopapo panali malo awiri othothoka ubweya, pomwe pankafika mawondo.

Bambo atamwalira, ine ndi amayi tinakakhala kwa amalumewo ku Lupembe. Iwo anali m'busa wa kampingo kofolera udzu. Maso awo anali atayamba ng'ala, moti buku la mayina a akhristu sankathanso kuliwerenga. Choncho anatola timiyala kumtsinje, kamwala kamodzi khomo limodzi, ndipo ankatizindikira ndi zala. Kokhakhala kanali ka mkulu wa mpingo wokonda mikangano. Kozungulira ngati dzira la njiwa kanali ka aphunzitsi.

M'mawa uliwonse, ng'ombe zisanatuluke m'khola, ankagwada n'kukhuthulira timiyalato pachikopa. Kenaka ankatibwezera m'chitini kamodzikamodzi, akutchula dzina ndi kupemphera m'Chinkhonde motsitsa mawu. Ife panja tinkangomva kugogoda kwa mwala pachitsulo. Kamwala kamene kawalemera m'dzanja sankakabwezera. Ankakaika m'thumba la jekete, ndipo tsiku limenelo miyendo yawo inkalunjika kwa mwini wake.

"Ine sindidziwa kopita ndisanagwade," ankatero.

Amayi anandichenjezapo kamodzi kokha: "Chitinicho si choseweretsa, wamva? Muli anthu mmenemo."

Inali nyengo yoinga mbalame. Mpunga unali utaweramitsa mitu, ndipo mpheta zinkagwa m'munda ngati utsi. Anzanga ankapita kusukulu, ine ndinkapita kudambo. Zilembo ndinadzaziphunzira ndili kale ndi imvi, kusukulu ya kwacha, n'chifukwa chake nkhaniyi ndikuilemba mochedwa chonchi. Ndinkakhala pansanja kuyambira m'mawa, kukuwa mpaka pakhosi kuwawa, legeni ili m'manja. Koma kudambo kulibe miyala, kuli matope okhaokha. Timipira tadothi tomwe ndinkaumba tinkaphwanyika tisanafike pomwe pali mbalame.

Tsiku lina amalume atatuluka, ndinalowa m'chipinda mwawo n'kutapa timiyala tisanu. Kamodzi ndimakakumbukira bwino: koyera, kokhala ndi mzere pakati ngati chipsera. Kanauluka bwino kwambiri. Sikanaphe mbalame ndi imodzi yomwe, kanangoti thibu m'madzi a mumpunga.

Ndingathe kunena kuti ndinali mwana. Ndakhala ndikudziuza zimenezi zaka zonsezi. Koma mwanayo anatseka chivindikiro mosamala, n'kubwezera chitini pomwe anachipeza, ndiye kuti ankadziwa chimene ankachita.

Panapita milungu itatu. Eni timiyala tinayi ankabwera kutchalitchi, amalume ankawamva mawu ndipo palibe chinasokonekera. Koma koyera kaja kanali ka mayi wina wamasiye, yemwe ankakhala yekha kutsidya kwa mtsinje. Ana ake anali atapita kutali kukafuna ntchito. Madzi akadzaza sankawoloka, choncho palibe anadabwa posamuona.

Aphunzitsi ndiwo anafika masana ena, njinga ili ndi matope mpaka pachishalo. "Abusa, amayi akutsidya aja mwawaona liti? Pakhomo pawo sipakutuluka utsi."

Amalume analowa m'nyumba n'kukhuthula chitini dzuwa lili pamutu, chinthu chimene anali asanachitepo. Ndinaona zala zawo zikupapasa, kubwerera, kupapasanso. Kenaka anatembenuzira nkhope komwe ndinaima. Sanandifunse kanthu.

"Tenga ndodo yanga, mwanawe, titsogolere."

Tinawoloka madzi akufika m'chiuno. Mayi uja tinamupeza pamphasa, ataonda ngati bango. Mtsuko unali wouma, ndipo m'nyumba munkanunkha phulusa lozizira ndi malungo. Chinangwa chomwe ananyika chinali chitaolera m'mbiya. Atamva mawu a amalume anayesa kuseka.

"Abusa, ndimayesa mwandichotsa m'chitini."

Amalume anagwada padothi, popanda chikopa, n'kupemphera atagwira dzanja lake. Amayi anga anabwera ndi phala, aphunzitsi anathamangira mankhwala. Patatha masiku atatu mayiyo anamwalira.

Lamulungu amalume anaimirira pamaso pa mpingo. "Mwala suiwala munthu," anatero. "Ndine ndinaiwala. Zala zinazolowera kupemphera zokha, mtima uli kwina." Za ine sananene. Ndinakhala kumbuyo, legeni ikundiotcha m'thumba, ndipo sindinatsegule pakamwa. Sindinatsegule tsiku limenelo, ngakhale chaka chotsatira, mpaka amalume tinawaika m'manda.

Ndinafunsapo namwino wina ku Uliwa ngati munthu wodwala chotero akanachira atapezeka msanga. Anati sangadziwe. Abusa a lero amasunga mayina m'foni, ndipo sindiwanyoza. Koma wina akandiuza kuti ntchito yachuluka, nthawi yogwada ikusowa, ndimakumbukira khomo lopanda utsi lija.

Mawa lake la Lamulungu lija, ndili pansanja, ndinaona amalume akubwera m'mizere ya mpunga, akufufuza njira ndi ndodo. Anali atanyamula kathumba. Anakaika pamiyendo panga, ndipo mkati munali miyala ya kumtsinje, yosalala, yokwanira bwino mulegeni.

"Iyi ilibe mayina," anatero. "Ponya mmene ungathere."

Anakwera n'kukhala pambali panga. Anabweranso tsiku lotsatira, ndi linzake, mpaka mpunga tinaumweta. Akatha kuyendera odwala ankafika, n'kukhala chete, dzanja lili m'thumba la jekete, likutembenuza kanthu kena. Ine ndinkanyansidwa nazo. Ndinkati akundilondera ngati mbala, ndiponso munthu wosaona angathandize chiyani poinga mpheta? Mwambo wawo ndinkaudziwa bwino lomwe, kuti miyendo yawo imapita kwa mwini kamwala kamene kawalemera m'mawa. Koma nyengo yonseyo, ngakhale miyendoyo inkathera pansanja panga, sindinadzifunse kuti kamwala kali m'thumbamo n'ka yani.