Alendo amene sanaime pa mlatho wa matabwa

Loweruka lapitali ndinaswera pansi pa mtengo wa mango, m'mbali mwa msewu wafumbi wopita ku Makanjira, kudikira magalimoto a mpikisano. Ntchito imene anandituma inali yochepa: kuona, kulemba, kubwerera. Amene anapambana munawawerenga kale pa tsamba la masewero. Pano ndikufuna ndikuuzeni za matabwa.

Pamalo pamene ndinakhalapo pali kamtsinje kochokera kumapiri kukathira m'nyanja. Mwezi uno ndi mchenga wokhawokha, nkhuku zimachita kusambapo fumbi. Koma mvula ikakhazikika kamadzaza mpaka m'khosi mwa munthu wamtali, ndipo kamabwera ndi zitsa. Mlatho wake unapita ndi madzi zaka zapitazo, kunangotsala zipilala za simenti ndi chimango cha zitsulo. M'chilimwe malole amatsikira mumchenga, okwera n'kumakankha. M'dzinja lole imathera tsidya la ku Mangochi, kumene kulinso chipatala. Wa tsidya linalo akadwala amadikira madzi aphwe, apo ayi akwawe pa chitsulo ngati bilimankhwe.

Masabata apitawa kunabwera chigiledala kudzapala msewu. Pambuyo pake lole ya kampani ina yogulitsa mafuta, imene inakonza mpikisanowu, inatsitsa matabwa atsopano, okhuthala, onunkhira utomoni. Anawayala m'litali pa zitsulo zija n'kuwamanga ndi mabawuti, poopa kuti magalimoto awo angatitimire mumchenga. Kenaka mesenjala anadutsa pa njinga ndi uthenga: Loweruka msewu utsekedwa, mbuzi zimangidwe, ana asayandikire, kukubwera alendo.

Tsono inu awerengi, dziikeni m'malo mwa anthu a m'mudzi wa tsidya lija. Msewu wapalidwa. Mlatho wayalidwa. Mesenjala akuti alendo. Mukanaganiza chiyani?

Tonsefe tinazolowera chinthu chimodzi. Msewu ukatsekedwa ndiye kuti kukubwera akuluakulu, ndipo akuluakulu akabwera amaima. Amatsika, amakhala pa mpando, timawavinira, amalandira mphatso, ndipo wa dandaulo amapatsidwa mpata wolankhula. Anthu a m'mudzimo sankadziwa mtundu wina wa kutseka msewu. Choncho anasesa. Anapaka njereza miyala ya m'mbali mwa msewu. Anamanga chisakasa cha masamba a mgwalangwa, n'kubwereka mipando kusukulu. Ndinapeza miphika ya mpunga itavundikiridwa, atambala ataphikidwa kale, mazira m'lichero, ndi mkeka watsopano wokulunga bwino, woti ukhale mphatso.

Woyendetsa zonsezi anali Abiti Rajabu, mayi wamtali wa chipini pamphuno, wogulitsa usipa wouma. Atandiona ndi kamera anabwera molunjika.

"Inu ndinu a nyuzi? Ndiye mukudziwa. Alendowa aima nthawi yanji? Mpungatu suchedwa kuuma."

Ndinayang'ana bambo amene anaima pambali pake, atavala jekete ndi tayi pa dzuwa loswa mtengo. Anali a Chimwaza, mphunzitsi wamkulu wa pasukulupo, kwawo ku Dedza, amene anasankhidwa kuti amasulire m'Chingerezi mawu a Abiti.

"Ine ndinawauza kuti ndi mpikisano," anandinong'oneza. "Anandiyankha kuti ngakhale wothamanga amamva ludzu."

Abiti anali ndi chifukwa chake. Anyamata oyala matabwa aja anali atamuuza kuti matabwawo ndi obwereka, mpikisano ukatha abwerera kwawo. Mwana wake wamkazi, Asiyatu, ali ndi pakati poyamba. Kusikelo anamuuza kuti popeza ndi wochepa thupi, asayerekeze kuchirira kumudzi, akachirire kuchipatala. Nthawi yake ndi Januwale, mwezi umene kamtsinje kaja sikamva za munthu.

"Mawu anga si ambiri," anatero Abiti. "Matabwa atsale. Aphunzitsi akawonjezera maluwa m'chizungu, ndi zawo."

Wapolisi anamanga chingwe, msewu n'kutsekedwa.

Kodi munamvapo msewu utakhala chete? Ine ndinali ndisanaumve. Panalibe lole, panalibe belu la njinga. Nyenje zokha zinkalira m'mitengo, ndipo kutentha kunkavina pamwamba pa msewu ngati madzi. Kutali, pakati pa migwalangwa, nyanja inkaoneka yoyera ngati lata. Amayi ena anakhala pa ndowa zawo zopanda madzi, chifukwa nyanja ili kumunsi kwa msewu ndipo mudzi uli kumtunda. Bambo wina wa njinga, amene ankathamangira ku msika ndi dengu la chambo, anaimitsidwa pa chingwe. Anayang'ana dzuwa, anayang'ana nsomba zake, kenaka anapempha mpeni ndi moto n'kuyamba kuziwamba pomwepo.

Palibe anadandaula. Anthu ankayang'ana matabwa aja n'kumalota mokweza. Wina anati basi iyamba kufika. Wina anati wogula thonje sadzanamiziranso mtsinje. Mkulu wina wa kofiya yoyera anati Insha Allah chaka chino akapemphera Idi kwa mchimwene wake ku Mponda osavula nsapato panjira. Asiyatu anakhala pa mkeka wakale atatsamira mtengo, manja pamimba, maso pa mlatho. Inenso tulo tinandiba pang'ono, ndipo ndinaona madzi ofiira a Januwale akudutsa pansi pa matabwa ouma, anthu akuoloka osayang'ana n'komwe pansi.

Chinandidzutsa ndi phokoso longa la njuchi, lochokera kumwera.

Ang'oma anayamba. Amayi a gule wa chiwoda anafola, nyimbo inakwezedwa. A Chimwaza anakonza tayi n'kupita patsogolo. Ndinaona fumbi, kenaka chinthu chofiira chokhala ndi nambala pachitseko, m'kati muli mitu iwiri yovala zisoti zonga zikho. Matabwa anagunda ngati bingu. Basi. Nyimbo inali isanafike poyankha.

Inabwera galimoto ina, yoyera. Inanso, yobiriwira. Ina inaliza hutala, amayi n'kululutira poganiza kuti ndiyo ikuima, koma inkangothamangitsa galu. Fumbi la galimoto imodzi lisanatsike linali litabwera la inzake. Linakuta miyala ya njereza, zivundikiro za miphika, mipando ya kusukulu, ndi nsidze za tonsefe. Ng'oma zinayamba kuchepa mphamvu, kenaka zinaleka.

"Aphunzitsi," anatero Abiti, akupukuta kumaso ndi nsonga ya chitenje, "chizungu chija mwachimeza ndi fumbi?"

"Chilipo, mayi. Chikusowa khutu."

Akuluakulu anati mlendo ndi mame. Komatu mame amagona pa udzu, amaunyowetsa, m'mawa n'kuchoka. Awa sanagone n'komwe.

Ndisanapitirire, ndinene poyera: sindikutsutsa mpikisano. Kuyendetsa galimoto motero pa msewu wotere ndi luso, ndipo ana a m'mudzimo adzasimba mpaka kukalamba. Mahotela a m'mbali mwa nyanja anadzaza. Zithunzi za mapiri athu zidzaoneka kunja, ndipo dziko limene lili pa mtendere liyenera kuonetsedwa. Zonsezi n'zoona.

Koma msewu unabwerekedwa kwa yani? Kampani inapempha chilolezo ku ofesi, ndipo inachita bwino. Koma ofesi siitunga madzi kunyanja. Ofesi siinali ndi chambo padzuwa. Amene anapereka tsiku lawo ndi mayi wa ndowa, bambo wa njinga, ndi mwini mbuzi imene inaswera pa chingwe. Kwathu kuno ukabwereka mtondo wa mnzako, pobweza umasiyamo kamadeya, kuti nkhuku zake zidziwe kuti mtondo unagwira ntchito. Nanga wobwereka msewu wathunthu asiyemo chiyani? Mbendera za pepala?

Ndiponso panavuta chiyani kuwauza anthu zoona zake? Mesenjala akanangonena kuti magalimotowa saima, atambala aja bwenzi akulirabe. Timakonda kutumiza kumudzi malamulo okhaokha: mangani, chotsani, musayandikire. Chifukwa chake timachisiya m'tauni, ngati kuti n'cholemera kunyamula pa njinga.

Dzuwa litapendeka, galimoto yomaliza inadutsa, wapolisi n'kumasula chingwe. Amayi a ndowa anaoloka msewu. Posakhalitsa kunabwera lole ya kampani ija, pang'onopang'ono, ikutola zikwangwani. Inaoloka mlatho, inatembenuka, inaolokanso, n'kuima. Munatsika amuna otuwa ndi fumbi, atanyamula masipanala, patsogolo pali kapitawo wawo, bambo wamfupi wa ovolosi.

Abiti anawayang'ana kanthawi. Kenaka anatembenukira amayi anzake.

"Alendo aja ndi awa. Imbani."

Ng'oma zinadzuka. Amuna aja asanadziwe chimene chikuchitika, anali atalandidwa masipanala mwaulemu, atakhazikidwa pa mipando m'chisakasa, madzi osamba m'manja ali patsogolo pawo. Anali asanadye chichokereni m'mawa. Mpunga unali utauma pang'ono pamwamba, koma palibe anafunsa. Kapitawo yekha ndiye ankadya akuyang'ana uku ndi uku, ngati munthu amene wazindikira kuti nyama ili pa msampha koma njala yamukulira.

Atamaliza, Abiti anakhala pansi patsogolo pa kapitawo. Womasulira sanafunikenso.

"Achimwene, mwakhuta?"

"Takhuta, mayi. Mulungu akudalitseni."

"Kwanu n'kuti?"

"Ku Thyolo."

"Ku Thyoloko, mlendo akagona, m'mawa amakulunga mkeka n'kupita nawo?"

Anyamata a kapitawo anaseka. Iye sanaseke.

"Mayi, ndamva. Koma matabwawa si anga. Akufunika kwina sabata yamawa. Ndikakafika wopanda matabwa, ntchito yanga yathera pomwepo, ndipo inenso ndili ndi ana."

"Ana ndi ana," anavomera Abiti. Anangoitana: "Asiyatu, bwera nawo madzi alendo asambe."

Asiyatu anadzuka monga amadzukira anthu a pakati, dzanja limodzi pansi, lina m'chiuno. Anabwera ndi beseni, nagwada movutikira pamaso pa kapitawo.

"Ameneyu ndi wa Januwale," anatero mayi ake. "Akuti akachirire kuchipatala."

Kapitawo anasamba m'manja nthawi yaitali kuposa mmene mpunga umafunira. Kenaka anatenga sipanala yake n'kupita pa mlatho yekha. Anayenda mpaka tsidya, akugogoda thabwa lililonse, nabwerera.

"Masulani a m'mbali," anauza anyamata ake. "Atatu apakatiwa ang'aluka, magalimoto awapweteka. Sitinyamula zowonongeka."

Ine ndine mtolankhani, ndipo ndimakonda kuona ndekha ndisanalembe. Koma tsiku limenelo m'maso mwanga munali fumbi lambiri. Ngati kapitawo, amene ndiye mwini ntchito, akuti anang'aluka, ndiye kuti anang'aluka.

Choncho pa kamtsinje kaja lero pali matabwa atatu ogundizana, ochokera tsidya lino kufika tsidya lina. Lole singadutsepo. Basi ija anthu ankailota idikirabe, wogula thonje adzanamizirabe mtsinje. Koma munthu wapansi adutsa, njinga idutsa, ndipo amuna onyamula machira adutsa ngati ayenda mosamala.

Lole isananyamuke, Abiti anatenga mkeka watsopano uja, umene unalukidwira eni mpikisano, n'kuuponya kumbuyo pamwamba pa matabwa omasulidwa.

"Uwu ndiye mutenge," anatero.

Ndinakwera lole yomweyo pobwerera ku Mangochi. Titachoka ndinacheuka. Fumbi linali litatsika, ndipo Asiyatu anali pakati pa mlatho, wopanda nsapato, akuyesa thabwa ndi phazi asanaliponde, mayi ake ali pambuyo atamugwira chitenje.

Ndamva kuti chaka chamawa mpikisanowu udzakhalakonso, mwina pa msewu wina, wa ku Chowe kapena kwina. Kumenekonso kuli timitsinje, kulinso a Januwale. Eni ake adzakhala pansi m'tauni kukonza za mafuta, matayala ndi zikho za opambana. Ndikuwapempha kuti pa mndandanda umenewo awonjezerepo funso limodzi laling'ono: tikadutsa, titsiyanji?

Chifukwa si mudzi uliwonse uli ndi Abiti Rajabu, ndipo si lole iliyonse ili ndi kapitawo wa ku Thyolo. Kodi kuti matabwa atatu atsale pa mtsinje, mpaka mudzi uphe atambala ake, ndipo bambo wa ana aike ntchito yake pa chiswe?