Chaka chimene aphunzitsi anabetcha njinga

Kuseri kwa chitseko cha nyumba yathu kunkakhala ndodo yachitsulo, yowonda ngati bango, ya mutu wopindika wokhala ndi timizere. Chogwirira chake chinali cha mphira wakuda, woperepeseka pamene pamagwira chala chachikulu, ndipo ukachinunkhiza chinkamveka thukuta ndi mafuta a makina osokera. Inali ndodo ya gofu ya amalume. Iwo akachokapo, mayi ankagwetsera ndodoyo manachesi a m'nthambi zam'mwamba, ine n'kuwasungira chinsinsi.

Amalume anagwira ntchito zaka zambiri ku Blantyre, pabwalo la gofu, kunyamulira azungu ndi amwenye matumba a ndodo. Kamodzi pachaka eni bwalo ankalola onyamula matumbawo kupikisana okhaokha, mabwana n'kumabetcherana pa iwo ali khale pakhonde. Amalume anapambana katatu, ndipo ndodo ija inali mphoto yawo. Msana utayamba kuwavuta anabwerera kumudzi, kwa a Kanduku, kudzakhala nafe, poti bambo anga anamwalira ine ndisanayambe sukulu. Anabwera ndi ndodoyo, timipira tinayi toyera ta timaenje, wayilesi ya mlongoti wautali, ndi kope la chikuto chofiira.

M'kopemo munali mayina a anthu amene anapambanapo mpikisano waukulu wa gofu wa kutsidya kwa nyanja, umene umachitika kuno kukamazizira. Dzina lililonse linali ndi chaka chake, ndipo pambali pake amalume ankalembapo timawu tawo: uyu saopa mphepo, uyu manja amanjenjemera tsiku lomaliza, uyu anapambana chifukwa mnzake anagwetsera mpira mumtsinje. Anthuwo sanawaonepo ndi maso, kupatula pa zithunzi za m'magazini otayidwa ndi mabwana. Koma ankawadziwa kuposa mmene ankadziwira anthu a mumpingo wathu.

Ine ndinali mtsikana wa zaka khumi ndi chimodzi. Masana tikaweruka kusukulu, amalume ankanditengera kudambo, kumene anakwirira chitini cha mkaka kuti chikhale dzenje. "Yang'ana mpira, osati kumene ukupita," ankatero. Mayi ankadandaula kuti mwana wamkazi akutaya nthawi yotunga madzi, koma sankaletsa. Pofika chaka chimenecho ndinkatha kukweza kampira m'mwamba n'kukagwetsa pafupi ndi chitini, amalume n'kungogwedeza mutu.

Amalume ndi amene anaphunzitsa amuna a pamsika wathu kubetcha pa masewera amene sanawaonepo. Sabata ya mpikisano ikafika ankasonkhana pakhonde la golosale, wayilesi ili pamwamba pa kreti. Mwini golosaleyo anali Msilamu ndipo sankalola zobetcha pakhomo pake, choncho ikafika nthawi yogwirana chanza onse ankasunthira pansi pa mtengo wa mango, kenako n'kubwerera pakhonde. Ankabetcherana nkhuku, mabatire, dengu la manachesi. Ambiri ankangosankha dzina limene lawakomera m'khutu.

Aphunzitsi aakulu a pasukulu yathu sankasankha choncho. Iwo ankapeza nyuzipepala kwa oyendetsa malole a njira ya ku Tete, zimene zinkalemba za munthu amene obetcha a kunjako akumuyembekezera kupambana. Ankawerenga mokweza m'Chingerezi, chala chili m'mwamba, kenako n'kumasulira akuluakulu ngati ana a Sitandade 1. Zaka ziwiri zotsatizana anasankha wotamandidwa ndi nyuzipepala, ndipo zaka ziwirizo nkhuku yawo inadyedwa kwathu. Amalume ankawaitana kuti "sala" ngati mwana wasukulu. Iwo ankatchula amalume kuti "wonyamula matumba", anthu akumva. Lero ndikudziwa kuti munthu wophunzira wa masiku amenewo akanatha kupirira njala, koma osati kusekedwa chifukwa cha munthu wolekezera Sitandade 3.

Chaka chachitatu aphunzitsi anabwera akukankha njinga yawo yatsopano, yakuda, ya belu lonyezimira, n'kuiyedzamiritsa pa tsinde la mango. Anati akuibetcha ndi ndodo ija. Anasankha mnyamata wina amene dziko lonse linkamutchula chaka chimenecho. Amalume anatsegula kope, n'kunyowetsa chala, n'kumapita chammbuyo tsamba ndi tsamba. Wayilesi inali itanena kuti kunjako kukuwomba chimphepo. Amalume analoza dzina la munthu wachikulire amene anapambanapo kalekale anthu n'kumuiwala. Amuna anaseka, wina n'kunena kuti ndodo yapita.

Nkhani itafika kunyumba mayi anakalipa. "Achimwene, munthu uja ndi mlembi wa chipani. Mukapambana ndiye mwaluza."

Amalume anangoti gofu alibe chipani.

Masiku onse a mpikisanowo kunali chiperoni. Ndimakumbukira fungo la makoko a manachesi akupsa pa mbaula, zala zouma ndi chisanu, ndi mawu a mzungu m'wayilesi akubwera n'kuchoka ngati munthu woitana ali kuseri kwa phiri. Lolemba m'mawa mayi anandituma mchere belu la sukulu lisanalire, ndipo ndinapeza amuna onse ataunjikana pakhonde. Nkhani za masewera zitawerengedwa, tinamva dzina la wachikulire uja. Mnyamata wa m'nyuzipepala mphepo inali itamutayira mipira m'tchire. Amuna anawomba m'manja, wina n'kupita kukaliza belu la njinga. Aphunzitsi anamwetulira ndi milomo yokha, n'kunena kuti njingayo aibweretsa Lachitatu akachoka ku boma.

Lachitatu kunabwera achinyamata a chipani a malaya ofiira, ndi apolisi awiri pagalimoto. Anali masana, mayi akupeta mtedza pabwalo. Anati amalume amamvera mawayilesi akunja ndipo amasunga mayina a azungu othandiza zigawenga. Kope lija analipeza pansi pa mphasa. Mmodzi anawerenga modukizadukiza kuti "uyu saopa mphepo", n'kufunsa kuti mphepoyo ndi ndani. Amalume anayamba kufotokoza za gofu, koma mbama inawatera pakamwa mawu asanathe. Anawakweza m'galimoto opanda nsapato. Wayilesi inapita nawo. Ine ndinali nditaima pafupi ndi khola la mbuzi, m'dzanja muli kampira kamodzi kamene ndinkasewera nako, ndipo ndinakafumbata mpaka timaenje take tinadindika pachikhatho.

Mawa lake aphunzitsi anafika okha. Anauza mayi kuti iwo ndiwo anapambana, poti kupambana kwa munthu womvera mawayilesi oletsedwa sikuwerengedwa. Anatenga ndodo ndi timipira titatu totsala. Mayi anagwada powapatsa, n'kunena kuti zikomo. Zikomo ameneyo anandikhala pakhosi zaka zambiri.

Pamango panalibenso wotchula za gofu. Amuna amene anadya nafe nkhuku ankatembenuka akaona mayi akubwera. Koma aphunzitsi anayamba kusewera. Tsiku lililonse tikaweruka ankaima kuseri kwa ofesi yawo, atapinda manja a malaya, n'kumakumba dothi ndi ndodo ya amalume ngati khasu. Mpira wina unagunda malata a Sitandade 2, wina unathyola mwendo wa nkhuku ya eni. Mudzi wonse unkaona. Ine ndinkadutsa mutu uli pansi, ndikuti "tapita, sala", mumtima ndikuwapha m'njira zosiyanasiyana. Ndinkawaikira njoka m'nsapato. Ndinkawadulira mabuleki a njinga pamtsetse wa kumtsinje. Chakudya sichinkalowa. Mayi ankapita ku boma wapansi kukafunsa za amalume, n'kubwerako ndi kamtolo ka chakudya kali chimangire.

Sabata yachitatu gulu langa ndilo linkasesa muofesi ya aphunzitsi aakulu. Munali tebulo, kabati ya mabuku, ndipo pamwamba pa zonse chithunzi cha Mtsogoleri m'galasi. Aliyense ankadziwa malamulo ake. Palibe chinthu chinkapachikidwa pamwamba pake, ndipo pochipukuta panali kansalu kakekake. Ndodo ija inkakhala pakona. Tinauzidwa kuti Lachisanu kubwera atcheya a chipani kudzaona makadi a umembala. M'mawa wa tsikulo anzanga awiri ndinawatuma kumjigo kukatunga madzi owaza pansi, ine n'kutsala ndekha.

Sindinganene kuti inali ngozi. Ndinatulutsa kampira kanga m'thumba la yunifolomu n'kukaika pa chiguduli cha pakhomo. Ndinatenga ndodo ija n'kuponda mmene ndinaphunzirira. Koyamba kanagunda khoma n'kugubudukira pansi pa tebulo, ndipo ndinakwawa kukakatenga. Kachiwiri ndinayamba ndapuma. Kampira kanakwera bwinobwino, galasi n'kulira pang'ono chabe, ngati kapu yagwa m'nyumba ya eni. Mng'alu unayambira pa diso lakumanzere n'kufalikira nkhope yonse, pepala n'kung'ambika. Ndinagoneka ndodo patebulo pamwamba pa mabuku, kampira n'kukasiya pomwe kanagwera, n'kutseka chitseko. Anzanga atabwera ndinawauza kuti ndamaliza ndekha, madziwo tikawaze m'kalasi.

Atcheya anafika aphunzitsi akadali nafe pamzere, ndipo analowa muofesi onse pamodzi. Tili panja tinamva mawu a aphunzitsi ali ang'ono ngati a mwana. Anatiitana ife osesa. Atcheya anali munthu wonenepa wa maso ofiira, ndipo anafunsa modekha ngati pali chimene taona. Ndinagwada. Ndinati m'mawa ndinapeza zili choncho koma ndinaopa kunena. Pamenepo zikanakwanira, koma ndinawonjezera ndekha popanda wondifunsa. Ndinati dzulo lake, pochokera kotola nkhuni, ndinaona pazenera aphunzitsi akuloza chithunzicho ndi ndodo, akuseka.

"Mwana ameneyu ndi wa kwa munthu uja," aphunzitsi anatero. "Akunama, atcheya."

Atcheya anatola kampira n'kumakatembenuza m'zala. "Nanga ndodoyi ili pa tebulo la yani? Amene wakhala akumenya mipira pasukulu pano ndi ndani? Mwana wamkazi angazidziwe zimenezi?"

Pakhomopo panali ana ambiri amene anandionapo kudambo. Panalinso aphunzitsi ena awiri amene ankadziwa. Palibe anatsegula pakamwa.

Anawatenga tsiku lomwelo, pagalimoto yomwe ija. Ndinaima pampanda wa sukulu kuonerera. Tayi yawo inali itatembenukira kumsana. Ndinganame nditati ndinamva chisoni. Ndinamva kukoma, kukoma kwenikweni kwa m'thupi, ngati madzi ozizira pammero wouma, ndipo tsiku limenelo ndinadya mpaka mayi anasiya kudya n'kumangondiyang'ana. Ngakhale lero, imvi zili mbuu, ndikafufuza mumtima ndimapeza kuti kukoma kuja sikunathe konse. Ndalapa machimo ambiri kutchalitchi. Ili ndimangolifotokoza ngati nkhani.

Ndinkaganiza kuti aphunzitsi akalowa amalume atuluka, monga zimakhalira pa sikelo ya pamsika. Masana ndinkakhala pamsewu kuyang'ana basi yochokera ku Blantyre. Amalume anadzabwera patapita zaka ziwiri, dzanja lamanja litauma, osafunanso kumva wayilesi ikulira pafupi nawo. Aphunzitsi sitinawaonenso. Ena ankati anamwalira kundende, ena ankati anawatulutsa n'kupita kwawo.

Koma nyengo ija inatha motere. Patapita sabata aphunzitsi atatengedwa, akazi awo anauzidwa kuti atuluke m'nyumba ya sukulu. Anali ndi ana atatu ndipo anali oyembekezera. Palibe anapita kukawathandiza kumanga katundu, poti aliyense ankaopa kuonedwa pakhomopo. Mayi anathira ufa m'kathumba, n'kumanga mtedza pansalu, n'kundiuza kuti ndiwatsate. Titafika anandilozera mtolo wa mapoto kuti ndisenze mpaka kumsewu. Ndinati sindinyamula.

"Nyamula," anatero, osakweza mawu. "Iweyo makamaka."

Ndinasenza. Mapotowo ankagundana pamutu panga njira yonse, mwaye ukundigwera pakhosi. Kamwana kakang'ono ka aphunzitsi kankandigwira diresi poyenda, ine n'kumakachotsa dzanja. Pamsewu amayi awiriwo anakhala pansi moyandikana, miyendo atatambasula, ndipo ndinamva mayi akulangiza mnzawoyo chapansipansi. Anamuuza khomo loyenera kugogoda ku boma ndi loyenera kulipewa. Anamuuza kuti asapite Lolemba, asalire pamaso pa apolisi, ndipo asafunse mlandu koma angofunsa ngati munthuyo ali ndi bulangete. Anati chakudya azinyamulabe ngakhale chikanidwe, kuti a mkatimo adziwe kuti munthuyo ali ndi abale. Akazi a aphunzitsi ankangogwedeza mutu, akubwereza mawu aliwonse ngati mwana wasukulu.

Ine ndinakhala patali, pamwamba pa mtolo wa mapoto, mtima ukuwira. Zonse zimene mayi anazidziwa ndi mapazi otupa ankazipereka kwaulere kwa mkazi wa mdani wathu. Lole itafika anawathandiza kukwera, n'kuwapatsira ana mmodzimmodzi, ndipo anaimabe mpaka fumbi linatha. Pobwerera ndinkayenda pambuyo pawo ndikudabwa chifukwa chake akuyenda ngati munthu wochokera kumaliro, pamene tinali titabwezera. Sindinkadziwa kuti m'mudzi mwathu tsopano munali anthu awiri amene anaitanapo galimoto ija: mmodzi inali itamutenga, ndipo amene anatsala, mayi ankagona naye nyumba imodzi.